Katalogu Ndinatayipa Ine, Galimoto Ankakwera Wezi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kukwaya. Ndinali nditamaliza kosi ya kompyuta pa kasukulu kena ka mu Limbe, pamwamba pa sitolo ya nsalu, koma satifiketi inkangogona m'sutikesi kwathu ku Bangwe. Bambo anga, amene anachoka ku Nsanje ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, anali atangochotsedwa ntchito limodzi ndi anzawo ambiri. Inali nthawi ija ya matipate, mavenda atadzaza m'misewu, aliyense akukamba za ufulu koma mitengo ya zinthu ikukwera mwezi ndi mwezi. Pakhomo maso onse anali pa ine.

Lamulungu lina titatuluka Misa, a Zuze, bambo amene ankaimba besi m'kwaya yathu, anandikodola. "Felista, kuntchito kwathu akufuna munthu wodziwa kutayipa. Ukafike mawa, usakachite manyazi."

Kampaniyo inali ku Chirimba ndipo inkagulitsa masipeya a makina a m'mafakitale: maberingi, malamba a injini, mabawuti, mapaipi, mafyuluta. A Zuze ndiwo ankayang'anira sitolo. Manijala anali a Mhango, munthu wa ku Rumphi wolankhula pang'onopang'ono, amene sankavula taye ngakhale dzuwa la Okotobala liotche bwanji. Anandipatsa pepala kuti nditayipe, iwo ataima kumbuyo kwanga. Nditamaliza anawerenga mzere ndi mzere, kenako anati, "Liwiro lanu si lalikulu, koma simulakwitsa. Muyambe lero."

Ntchito yanga inali yolowetsa katundu yense wa kampani m'kompyuta. Kufikira nthawi imeneyo katalogu inali buku losindikiza, koma kwacha inkagwa pafupipafupi moti buku likamachoka kwa osindikiza mitengo yake inali itatha kale ntchito. Chinthu chilichonse chinkafunika mzere wake: kodi, ndiye kuti nambala yochizindikirira, kenako dzina, saizi, muyeso wogulitsira, mtengo ndi kuchuluka kwa zotsala pashelefu. Muyeso ndiwo unkavuta. Mabawuti ena tinkagulitsa limodzilimodzi, ena pabokosi, mapaipi pamita. Ukasokoneza pamenepo, munthu wofuna mabawuti ochepa amalandira mabokosi odzaza pikapu.

M'mawa ndinkazungulira mashelefu ndi a Zuze, iwo akuwerenga manambala pa zitsulo, ine ndikulemba. Masana ndinkatayipa. Lachisanu lililonse ndinkakopera zonse m'madisiketi n'kuwatsekera m'kabati. Ndinkaweruka m'zikhadabo muli girisi, bulauzi ili ndi fumbi, n'kukwera maminibasi osinthasintha, Chirimba kupita m'tauni, m'tauni kupita ku Limbe, Limbe kupita ku Bangwe. Koma ndinkanyada. Katalogu ija ndinkaidziwa ngati kuchipinda kwanga. Munthu akatchula beringi ya pampu, kodi yake inkabwera yokha m'mutu.

Kasitomala wathu wamkulu anali kampani ina ya minda ya tiyi yomwe likulu lake linali m'tauni. Iwo anagula pulogalamu yatsopano yogulira katundu, ndipo anauza onse owagulitsa zinthu kuti atopa ndi mafakisi osawerengeka komanso mitengo yosintha oda ili m'njira. Ankafuna kuti kompyuta yawo izitha kuimbira yathu kudzera pa waya wa foni, kutenga mitengo ya tsikulo, n'kutumiza oda pompopompo. Wolephera zimenezi amusiya. A Zuze anandinong'oneza kuti a tiyi akachoka, theka la ife tikakhala pakhomo.

Mumtima ndinati nthawi yanga yakwana. Kompyuta m'kampani monse ankaigwira ndani? Koma Lolemba lina ndinapeza tebulo latsopano pafupi ndi windo, pali kompyuta yatsopano, ndipo pampando pali mtsikana wa msinkhu wanga.

"Awa ndi a Wezi Nyirenda," anatero a Mhango. "Aphunzira za makompyuta kukoleji. Ndiwo atilumikize ndi a tiyi. Felista, muziwathandiza pa chilichonse angafune."

Wezi ankakhala ku Chilomoni, bambo ake anali akuluakulu m'boma. Anandipatsa moni wa manja awiri, akumwetulira. Ndinamuyankha mwaulemu wonse.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'choti ntchito ankaidziwadi. Akanakhala wongobwera ndi dzina la bambo ake, bwenzi ndikudzitonthoza. Koma ayi. Anabweretsa modemu, kabokosi kotuwa ka timagetsi tofiira kamene kamalola kompyuta kulankhula pa waya wa foni, n'kukalumikiza yekha osafunsa munthu. Analemba kapulogalamu kotulutsa katalogu yanga m'fayilo imene kompyuta ya a tiyi ingathe kuwerenga. Zala zake zinkathamanga pa kiyibodi, zilembo zimene ine sindinkazimvetsa zikutsika pa sikirini. Ine ndinkasuzumira cham'mbali, iye akacheuka n'kunamizira kufunafuna pepala.

Kumisonkhano ya kwa a tiyi Wezi ankapita ndi a Mhango pa galimoto ya kampani, atakhala kutsogolo. Ine ndinkatsala ndi mashelefu. Akabwerako ankafotokoza za maofesi ozizira, makapeti, tiyi wa m'makapu a mbale. Sankadzitama, ankangofotokoza, koma kwa ine mawu aliwonse ankabaya. Foni ikalira kuchokera kumeneko, ankati, "Tipatseni a Nyirenda." Dzina langa kunalibe amene ankalidziwa. Tsiku lina ndinamva a Mhango akuuza munthu pa foni kuti, "Musadandaule, zonse zili mu katalogu ya Wezi." Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa mashelefu a mapaipi, n'kukaima kumeneko mpaka maso atauma.

Panali gawo limodzi limene sakanatha popanda ine. A tiyi anali ndi makodi awoawo, osiyana ndi athu. Chinthu chomwecho iwo nambala ina, ife nambala ina. Tinayenera kupanga tebulo lofananitsa, kuti oda ikabwera ndi kodi yawo, kompyuta yathu idziwe kuti akunena chiyani. Kwa milungu ingapo tinkakhala moyandikana, iye akuwerenga kodi ya a tiyi ndi dzina, ine ndikutchula yathu ndi muyeso wake. Ankadabwa. "Achemwali, zonsezi mumazisunga m'mutu?" Ine ndinkangoti, "Ndi ntchito." Nthawi ya nkhomaliro ankatsegula kontena yake ya mpunga n'kundiitana. Ndinkati ndadya kale, kenako n'kukagula chimanga chootcha pamsewu, n'kudyera kutali.

Dongosolo lonse litatha linkayenda chonchi. M'mawa ndikakonza mitengo, tinkatulutsa fayilo yatsopano ya katalogu. Modemu yathu inkakhala chete kudikira. Kompyuta ya a tiyi ikaimba, yathu inkayankha ndi kaphokoso kolira ngati nyenje, ziwirizo n'kugwirizana. Iwo ankatenga mitengo, kalaliki wawo n'kusankha katundu, oda n'kubwera. Kompyuta yathu inkabweza uthenga wotsimikiza kuti yalandira, pulinta n'kusindikiza kapepala koti a Zuze akatolere katunduyo. Tinayesa kangapo, zinkatheka. Chinatsala n'kuonetsa pamaso pa mkulu wogula zinthu wa kampani ya tiyi ndi mamanijala ochokera kuminda, amene anayenera kusankha pakati pa ife ndi kampani ina ya mu Limbe.

Tsikulo linafika m'nyengo ya mvula. A Mhango ndi Wezi analawirira kupita m'tauni. Wezi anavala suti ya buluu. Ine ntchito yanga inali kukhala pafupi ndi modemu n'kumayang'ana timagetsi. "Musagwire kalikonse," anatero a Mhango potuluka. "Zizichitika zokha."

Mvula inayamba ndi mphepo. Kenako chiphaliwali chinang'anima, kunja kunamveka kuphulika, magetsi n'kuzima. Kabokosi ka batire kamene kamasunga kompyuta kwa kanthawi magetsi akathima kanayamba kulira. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinatseka mafayilo n'kuzimitsa kompyuta mwadongosolo batire lisanathe. A Zuze anatuluka ndi ambulera kukafunsa kwa owotcherera zitsulo a pafupi nafe. Anabwerako atanyowa. "Thiransifoma yapsa. Lero magetsi tiiwale." Jenereta tinalibe.

Mwamwayi foni ya waya simadalira magetsi a m'nyumba. Ndinaimba kwa a tiyi n'kupempha a Mhango. Ndinawafotokozera za thiransifoma ija. Kenako anati, "Kunyumba kwanga ku Kameza kuli foni, ndipo magetsi ake ndi a chingwe china. Nyamulani zonse mupite. Ife tiwachedwetsa kuno."

Tinamasula mawaya, ine ndikumata kapepala pa waya uliwonse kuti ndisadzasokoneze pobwezeretsa. Tinakuta kompyuta ndi mapulasitiki a maberingi. A Zuze anayendetsa pikapu, ine nditakumbatira sikirini pamiyendo, bokosi la kompyuta lili pakati pa mapazi, modemu ndi madisiketi zili m'chikwama changa. Msewu unali madzi okhaokha. Pa bampu iliyonse mtima unkadumpha. Ndipo m'njira monsemo maganizo anga anali pa suti ya buluu ija, youma bwino, itakhala pa mpando wofewa.

Mayi Mhango anatilandira pakhonde, amuna awo atawaimbira kale. Anachotsa maluwa a pulasitiki pa tebulo la pabalaza, ife n'kuyala zida zathu. Magetsi analipo. Kompyuta inayaka, katalogu inatseguka yonse bwinobwino. Koma nditatsata waya wa foni, ndinapeza vuto. Foni yawo inali yachikale, waya wake wolowa m'kabokosi ka pakhoma, womangidwa ndi masikuluwu. Panalibe pobayira modemu.

Ndinaimbanso. Ulendo uno anayankha Wezi. Kumbuyo kwake ndinkamva masipuni akugunda makapu ndi mawu a bambo wina akuseka, akuti, "A Nyirenda, tiyi wanu akuzizira."

"Achemwali, mvetserani bwino," anatero. "Dulani kumapeto kwa waya wa modemu. M'kati muona timawaya. Tengani tiwiri ta pakati, musende. Tsegulani kabokosi ka pakhomako, mumasule mawaya awiri a foni, m'malo mwake mumange a modemu. Kenako pa kompyuta mutsegule pulogalamu yodikira, muone ngati kagetsi koyankha kayaka. Ine kuno ndisintha nambala yoimba."

"Nanga ndikachotsa foni tilankhulana bwanji?"

"Sitilankhulana. Mukaona kuti papita nthawi osamva kanthu, mubwezeretse foni mundiimbire."

Ndinkamvera malangizo a munthu amene ndinali nditakhala miyezi ndikumuthawa maso. Mayi Mhango anandibwereka mpeni wa kukhitchini, a Zuze anatenga sikuludiraiva m'pikapu. Ndinagwada pa simenti kuseri kwa sofa, n'kusenda timawaya, n'kumanga. Tinadikira. Modemu inangoti zii. Timagetsi tina tinkayaka, koma panalibe kulira kulikonse.

Ndinamasula, n'kubwezeretsa foni, n'kuimba. Wezi analankhula motsitsa mawu, ngati waphimba pakamwa ndi dzanja. "Ikuitana koma siikuyankha. Mwina waya umodzi sunagwire. Mukande ndi mpeni mpaka uwale, mupinde ngati mbedza, mumange zolimba." Kenako, kwa nthawi yoyamba, anasiya ulemu uja wa mu ofesi. "Iwe Felista, anthuwa ayamba kuyang'ana mawotchi. Chonde."

Nditagwadanso kuseri kwa sofa, ganizo lina linandifikira, ndipo linali lokoma. Zikakanika lero, palibe angaloze ine. Wolakwa ndi mvula. Amene aime pamaso pa mabwana sikirini ili yakuda ndi iyeyo, ndi suti yake. Ndinakhala nalo ganizolo kwa kamphindi, mpeni uli m'manja. A Zuze anali ataima pambali panga, madzi akudontha m'jekete, akundiunikira ndi tochi ngakhale kunali masana. Munthu wa ana asanu ndi mmodzi, amene anandipezera ntchito. Ndinakanda waya uja mpaka unawala, n'kuupinda, n'kumanga sikuluwu mpaka dzanja linapweteka.

Posakhalitsa modemu inadzidzimuka n'kuyamba kulira. Tinadumpha tonse. Koma kulirako kunatha msanga, sikirini osasonyeza kanthu. Inaliranso, n'kudukanso. Mayi Mhango anagwira pakamwa. "Mayo, ameneyo ndi mng'ono wanga wa ku Mzuzu! Amaimba nthawi ngati ino." Munthu wosalakwa ankalandiridwa ndi phokoso la nyenje m'khutu, ndipo akamaimba iye, Wezi ankapeza foni yotanganidwa. Panalibe chochita koma kupemphera kuti atope. A Zuze anachita chizindikiro cha mtanda. Mng'ono uja anayesanso kamodzi, kenako anagonja.

Kulira kotsatira kunali kosiyana. Kunakwera, kunatsika, kenako kunati phwii n'kukhala chete, kagetsi kolumikiza katayaka. Pa sikirini panabwera mzere wonena kuti fayilo ya katalogu ikutumizidwa. Ndinkayang'ana manambala akukwera pang'onopang'ono, osayerekeza n'komwe kupuma mwamphamvu. Itatha, panadutsa nthawi imene inaoneka yaitali kwambiri. Kenako oda inalowa: maberingi a pampu, malamba a injini, bokosi la mabawuti. Makodi awo anasanduka athu, miyeso yonse ili m'malo mwake. Uthenga wotsimikiza unabwerera. Pulinta tinali titaisiya ku Chirimba, choncho ndinakopera odayo pamanja n'kupatsa a Zuze. Anaiwerenga n'kuseka mokweza. "Zonsezi zilipo! Mawa m'mawa zili pa geti lawo."

Ndinabwezeretsa foni ya eni ake, n'kumanga kabokosi. Inalira nthawi yomweyo. Anali a Mhango, mawu awo ali pamwamba kuposa masiku onse. "Zatheka! Akondwa kwambiri. Atiitanira ku nkhomaliro kuhotela. Inu bwezani zinthu ku ofesi, musamale pamsewu." Kumbuyo ndinkamva anthu akuyamikira a Nyirenda.

Mayi Mhango anandipatsa tiyi ndi mbatata, ndi chitenje choti ndifunde poti bulauzi inali itanyowa. "Yewo, mwana wanga, wagwira ntchito," anatero. Ndinamwa tiyiyo maondo ali ndi fumbi la kuseri kwa sofa, ndikuganiza za mbale za kuhotela.

Mawa lake a Mhango anatisonkhanitsa tonse m'sitolo. Ananena kuti a tiyi asankha ife, ntchito za anthu zapulumuka. Anayamikira Wezi kwa nthawi yaitali, anthu akuomba m'manja. Pomaliza anati, "Tithokozenso a Zuze ndi Felista amene ananyamula kompyuta pamvula." Kunyamula. Miyezi yonse ija ya mashelefu ndi girisi, dzina langa linatuluka ngati la wonyamula katundu pa depoti. Ndinaomba nawo m'manja, nkhope ikumwetulira yokha.

Sipanapite nthawi, a tiyi anamukopa Wezi kuti akagwire kwawo, azikalumikiza makampani ena onse owagulitsa zinthu. Nkhaniyo itamveka, sindinadye. Ndinkafuna achoke, koma osati kuchoka mokwezedwa chonchi.

Masana ena m'mwezi wake wotsazika tinatsala awiri mu ofesi. Ankalongedza mabuku ake. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu. "Pulogalamu ija yotulutsa fayilo, imagwira bwanji?"

Anasiya kulongedza n'kundiyang'ana. "Ukufuna kudziwa?"

"Ndakhala ndikufuna kuyambira tsiku unabwera."

"Nanga osafunsa bwanji? Ine ndimayesa umadana nazo. Ndimayesa umadana ndi ine."

Anangosuntha mpando wake n'kunena kuti, "Bweretsa wako."

Milungu yotsalayo anandiphunzitsa zimene akanatha: kusintha kapulogalamu a tiyi akawonjezera gawo latsopano m'fayilo, kuwerenga mbiri ya kulumikizana kuti udziwe pamene waya unadukira, kulamula modemu ndi timawu take tachidule. Nthawi inali yochepa. Zambiri anachoka nazo, ndipo ndinadzazivutikira ndekha pambuyo pake, zinthu zoti ndikanaziphunzira mosavuta miyezi yonse imene tinakhala mipando yoyandikana. Atachoka, a Mhango sanalembe munthu wina. Anandipatsa tebulo la pawindo, n'kuitanitsa foni yachiwiri ya modemu yokha. Zikavuta, amene ndinkalankhula naye mbali inayo anali Wezi yemweyo.

Sindinganame kuti nsanje inatha. Wezi anapitirira kukwera, ndipo mpaka lero ndikamva kumene wafika, kanthu kena kamanditsina pansi pa nthiti. Ndangophunzira kukamvetsera mwanjira ina. Pa zaka zonse ndagwira ntchito yolumikiza makompyuta a ogula ndi a ogulitsa, ndaona kuti munthu amene ndikumuchitira nsanje nthawi zambiri amakhala akudziwa chinthu chimene ine ndikuchifuna. Ndiye kakanditsina, sindidikiranso kuti ayambe kulongedza. Ndimapita tsiku lomwelo, mtima ukuwawa chomwecho, n'kukamuuza kuti, "Tandionetsani mmene mwachitiramo."